Mukaiike Pabwino

"Nsengwa ya mwana wanga woyamba ndinaikwirira ndekha," anatero a Dafuleni, "ndipo ndinaibisa mwaluso moti mpaka lero ngakhale ineyo sindidziwa pomwe ili."

Ankauza amuna awiri amene ankasoka mphasa kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali mbali inayo, ndikusema mpini wosafunika kusema, poti mkazi wanga Nachanza anali m'nyumba akuchira, ndipo mwamuna pa tsiku lotere amafuna chogwira. A Dafuleni anali mkamwini mnzanga, anakwatira mkulu wake wa Nachanza. Sindinawatsutse. Kungoti tsiku ankanenalo ndinkalikumbukira bwino: galu wawo anaswera chogona padzuwa, mimba itatupa, mkute osauyang'ana n'komwe.

Dzuwa litapendeka mwana analira. Patapita nthawi apongozi anga anakhosomola kuseri kwa nyumba, kutanthauza kuti akufuna kundiyankhula. Kumudzi umenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, moti zaka zitatu zimene ndinakhalako ndinkangowadziwa mawu ndi zidendene. Ndinanjuta mbali ina ya khoma, iwo mbali ina.

"Bambo, kwabwera mlendo, wotunga madzi."

"Zikomo, amayi."

"Ntchembere zonse zili kumaliro kutsidya, ndipo ine mwendowu mukuudziwa. Ntchito iyi si ya amuna, koma nanga titani?"

Dzanja linatulukira pangodya ya nyumba litanyamula nsengwa yoluka ndi nsungwi, yovindikira ndi chitenje chakale. M'kati mwake munali nsengwa inayo, ija imatsatira mwana pobadwa. Nsengwa m'nsengwa, ikadali yofunda.

"Mukaiike pabwino. Mukabwerera pakhomo pano ili m'manja, mwana simumuona."

Ndinafuna kufunsa kuti pabwinopo ndi pati. Koma mkamwini safunsa apongozi kawiri, komanso zidendene zija zinali zitapita kale.

Ndinatenga khasu n'kupita kuseri kwa khola, kumene nthaka inali yofewa. Nditagwetsa khasu kachitatu, wina anakhosomola kumbuyo kwanga. Anali amalume ake a Nachanza, munthu amene anasiya kulima kalekale chifukwa cha msana, koma dzenje lililonse la pamudzipo ankalidziwa mbiri yake.

"Pamenepo ayi. Nkhumba zimafukula."

Ndinasunthira kunsi kwa nthochi.

"Pamenepo ayi, pamanyowa. Mukufuna mwana azikodza pamphasa mpaka kukwatiwa?"

A Dafuleni nawo anatulukira, manja kumbuyo, kudzandiphunzitsa. Pamenepo ndiye mtima unandiwawa. Ndinati, ya mwana wanga yokha sidyedwa ndi galu wa munthu. Ndikaiika kwathu kumene ndinabadwira, pamalo poti aliyense akamva avomereze kuti apo ndiye pabwino. Unali ulendo wa tsiku limodzi. Ndinakuwira Nachanza pazenera kuti ndibwera mawa.

Kwathu mlongo wanga anandilandira bwino, nandiyalira mphasa, mpaka pamene anasuzumira pansi pa chitenje chija.

"Achimwene, mutu ukuyenda? Ana anu si a kuno, kuno n'kwa ana anga. Mukakwirira chimenechi pano, tsiku lina kudzafika munthu ndi katundu pamutu, adzati kwathu ndi kuno, ndigawireni munda."

"Ndi kanthu kongokwana m'manja, chemwali."

"Zimayamba choncho."

Kubwerera sindikanatha, ili m'manja. Ndinangotsata njira imene inali kutsogolo kwanga.

Pofika tsiku lachitatu ntchentche zinayamba kundiperekeza, ndipo anthu ankandipatukira mwaulemu ngati ndasenza maliro. Ndinafika pamudzi wina wa osema ng'oma. Mkulu wokhoma zikopa ananunkhiza mpweya ndisanamupatse n'komwe moni.

"Mbuzi kapena gwape?"

"Munthu."

"Zonse n'chimodzimodzi. Bweretsani."

Anandiphunzitsa kuitsuka ndi madzi ozizira, kuithira mchere osaumira, kuipaka phulusa, ndi kuiyanika pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa ayi, imang'aluka. Ndinkaitembenuza m'mawa ndi madzulo, ndipo podikira kuti iume ndinkamuthandiza kupala zikopa ndi kusema zikhomo. Iye ankati ng'oma zake zimamveka maboma atatu. Ine ndinkazimva bwino ndikaima pafupi. Mvula inagwa n'kukata ndikadali komweko. Tsiku lina ndinamupeza atainyamula nsengwa ija pafupi ndi khutu, akuigogoda ndi chala.

"Kang'oma kake kangalire bwino kameneka. Mwanayo akhoza kumakamva kulikonse kumene ali."

Ndinailanda n'kupita nayo kuseri kwa msasa wake ndi khasu langa. Ndinagwetsa kachitatu. Mkazi wake anakhosomola.

"Pamenepo ayi, timatayapo mapazi a mbuzi. Komanso mwaigwira chozondotsa. Mchombo uyang'ane kumwamba, apo ayi mayi wake sadzaonanso mwana."

Mudzi wotsatira anandiuza kuti mchombo uyang'ane pansi, kuti mwana asadzaiwale kwawo. Mudzi wachitatu anati ya mwana wamkazi imaikidwa kumanzere kwa khomo. Nditafunsa kuti kumanzere polowa kapena potuluka, amayi awiri anakangana mpaka kuvulana mipango, ndipo ine ndinachoka nkhani isanagamulidwe. Mudzi uliwonse unali ndi katswiri wake, ndipo katswiri aliyense ankadabwa kuti ndakula bwanji osadziwa chinthu chodziwika chotere.

Kenaka ndinagwira ntchito pa esiteti ya fodya wa chikopa. Ndinakhalapo zaka ziwiri, mwina zinayi. Zaka za kumeneko zimafanana ngati masamba ake. Ndinaphunzira kuthyola, kusoka, ndi kusonkha moto wa utsi wokhawokha wopanda malawi. Nsengwa ndinkaipachika m'chigafa pakati pa fodya, ndipo utsi unaichitira zabwino: inada, inauma gwa, chiswe n'kuiopa. Kapitawo wa pamenepo ankavala wenzulo m'khosi ngakhale popita kosamba. Nditangoyesa kukumba kumapeto kwa munda anaiomba.

"Pamenepo ayi! Nthaka ino salowamo china koma fodya wa bwana."

Koma akazi a matenanti ankachira ndithu pa esiteti pomwepo, chaka ndi chaka. Ndinafunsa mmodzi, mayi wowonda wa kumapiri, kuti iwo amaziika kuti. Anandiyang'ana kaye ngati akuyeza msinkhu wanga, kenaka anati amakwirira m'kanyumba momwemo, pansi pa mphasa, ndipo akamachotsedwa amatapapo kadothi n'kumanga pansonga ya chitenje. Anandionetsa chake. Chinali ndi mfundo zisanu, iliyonse dothi la mtundu wake.

"Nanga pabwino penipeni ndi pati, mayi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Pabwino? Bambo, ife timangofuna pouma."

Ndinamumvera chisoni, ndinadziuza kuti mwana wanga sangaikidwe mwa chisawawa chotero. Masiku amenewo ndinali ndikadali ndi maganizo apamwamba. Pamene ndinachoka panali chifukwa china. Nthawi yodinda mabelo nsengwa inasowa m'chigafa, ndipo ndinamva kuti wosankha fodya, munthu wodzitama kuti tsamba amalidziwa ndi fungo lokha, anaipatsa giredi yoyamba. Ndinasomola mabelo asanu ndi awiri kuti ndiipeze. Wenzulo inalira mpaka ndinatuluka pachipata.

Panali bambo wina m'chigwa cha mitengo ya zipatso amene anandilandira ndi manja awiri. Anati palibe manyowa oposa amenewa. Anandiyendetsa m'munda mwake akuloza: mango awa ndi a mwana wa uje, mapeyala awa ndi a mapasa a uje, makolo onse a m'deralo amabweretsa kwa iye.

"Timaika pansi, pamwamba timabzala mtengo. Mtengo ndi mwana amakulira limodzi. Mtengo ukakondwa, mwana naye akondwa."

"Nanga ukauma?"

"Kwa ine suuma."

Tsiku limenelo palibe amene anakhosomola. Dzenje anakumba yekha, lakuya bwino, mbande ili pambali. Ndinali nditagwada kale, nsengwa ili m'manja, pamene mphepo inatembenuka n'kubweretsa fungo la utsi. Ndinadzutsa mutu. Kuseri kwa nyumba yake kunali matumba a makala osanjikizana mpaka kudenga, ndipo chakumtunda kunali zitsa, mzere wathunthu.

"Amenewo ndi a ana amene anasamuka," anatero.

Ndinavindikira nsengwa yanga.

Ku tauni ndinafikako khasu litafupika. Wina anandilozera kwa mayi wina wa ofesi ya magalasi, wovala chovala choyera, amene ankati anaphunzira za nsengwa kunja. Pakhoma anapachika mapepala ambiri a m'mafelemu. Anandikhazika pampando wozungulira n'kundifotokozera kuti kukwirira n'kwachikale. Masiku ano, anatero, amaisunga m'firiji, kenaka amaiwamba ndi makina, amaipera, n'kuiika m'timakapusozi kuti mayi azimeza m'mawa uliwonse.

"Kumeza?"

"Kumeza, bambo. Kunja akuchita choncho."

"Kunja kuli njala?"

Sanaseke. Anati ndimuonetse, ndipo atavala magolovesi anaitembenuza kawiri, n'kuigogoda patebulo. Inalira ngati chikuni.

"Mayiyo anachira liti?"

Ndinawerenga pa zala, zala zinatha. Anandiuza kuti ndachedwa, koma akhoza kuipaka vanishi n'kuiika m'felemu kuti ndizipachika pabalaza. Ndinamuuza kuti vuto langa ndi balaza lomwelo. Tikuyankhula choncho magetsi anazima, ndipo anathamangira kufiriji yake akuitana Mulungu m'Chingerezi. Ndinatuluka nsengwa yanga ili m'khwapa, yokhayo m'nyumba monsemo imene sinkaopa kanthu.

Kuchipatala cha m'tauni yomweyo ndinamva kuti kuli dzenje la nsengwa zokhazokha, lomangidwa ndi simenti, lokhala ndi chivindikiro chachitsulo ndi loko. Ndinati basi, apa ndiye pabwino: galu safika, mfiti sifika, ndipo boma lavomereza. Mlonda wa pamenepo anandiimitsa ndi ndodo.

"Buku la kuchipatala la mayi lili kuti?"

"Lili ndi mayiyo."

"Mayiyo ali kuti?"

"Kumudzi."

"Kamtengeni."

"Sindingafikeko ili m'manja."

"Ndiye isiyeni."

"Ndiisiye pati?"

"Pano ayi."

Tinakambirana zimenezi kwa miyezi ingapo, mawu ake omwewo, mpaka tinazolowerana n'kumagawana chinangwa. Pomaliza anandiululira kuti ngakhale buku likanakhalapo, kiyi wa dzenjelo ali ndi bwana wina amene anapita kumsonkhano. Anamwino ankalowa ndi kiyi wawo, koma ameneyo anali wa nsengwa zatsopano. Ndinaphunzira ulonda kumeneko, ntchito imene chinsinsi chake n'kusadziwa kumene kuli kiyi.

Pa mlatho wina ndinakumana ndi wogulitsa mitondo ndi misi wochokera kufupi ndi kwa Nachanza. Anandizindikira chifukwa cha nsengwa, nkhope ayi. Anati Nachanza anadikira zokolola zisanu, kenaka ankhoswe anakhala pansi n'kumasula ukwati. Anakwatiwa ndi mmisiri wa njinga, ndipo anabereka ana ena anayi. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndinkasamala kuti mchombo usayang'ane kolakwika, ndikumautembenuza pa malire a mudzi uliwonse. Apongozi anamwalira, anatero, mawu awo osawabweza.

"Nanga mwana?"

"Anakula. Anachoka. Sakhazikika ameneyo, lero ali uku, mawa uko."

"Akufanana ndi ndani?"

"Ndi munthu," anatero, n'kusenza mitondo yake.

Ndinatsala ndekha pamlathopo. Madzi ankayenda bwino pansi, akuya, opanda mwini. Ndinatambasula manja, nsengwa ili pamwamba pa madzi. Pansi pa mlatho wina anakhosomola.

"Pamenepo ayi, bambo! Timamwa madzi amenewa!"

Zitatero ndinasiya kufunsa anthu. Ndinkangoyenda, kugwira ganyu, ndipo pena ndinkagwetsa khasu katatu mwa chizolowezi n'kudikira chifuwa cha wina. Sichinkachedwa. Nsengwa yansungwi ija ndinaisoka kambirimbiri mpaka sipanatsale nsungwi ya poyamba. Inayo inachepa, inapepuka, inafika pofanana ndi chikondamoyo chimene chaiwalika pa alumali. Imvi zinabwera. Mwana wanga ndinkamudziwa kulira kumodzi kokha, kwa kuseri kwa khoma, ndipo ndinkaopa kuti nakonso ndayamba kukusokoneza ndi kulira kwa ana a eni.

Linali tsiku la msika, pa tauni yaing'ono ya fumbi, dzuwa lili pamutu. Ndinkasenzera anthu matumba. Nditatula thumba la nyemba pa benchi ina, mwini benchiyo sanayang'ane thumbalo. Anayang'ana m'khwapa mwanga. Anali mayi wachitsikana, wamtali, wapakati pooneka, mapazi ake ong'aluka ngati anga.

"Bambo, muli chiyani m'menemo?"

"Katundu wa eni."

"Eni akewo ndani?"

"Sindinawaonepo. Inu ndinu ndani, mayi?"

"Dikirani."

Ndinadikira. Iye anangondiyang'ana. Ndinadikirabe, poti kudikira ndinkakutha.

"Ndati Dikirani. Ndi dzina langa. Anandipatsa ndi agogo, amayi atafunsa kuti bambo a mwanayu abwera liti."

Sanandipatse mpando. Anaomba m'manja kuitana anzake. Anabwera amayi a tomato, amayi a usipa, wowotcha chimanga, ndi mlaliki wina amene anadukiza ulaliki wake poona kuti anthu asamukira kwathu.

"Bwerani mudzaone, anthuni. Awa ndi bambo anga. Kuyambira ndili kamwana, anzanga akamati kwathu n'kwakuti, ine ndikafunsa amayi ankati, kwanu kuli m'khwapa mwa bambo ako. Ndagulitsa kaunjika, ndagulitsa mandasi m'mabasi, ndakhala matauni asanu ndi limodzi. Kulikonse kumene ndafika ndapeza kadzenje kosamaliza, anthu n'kumati panadutsa bambo wina wa nsengwa. Dziko lonse mwalijompha ngati nkhuku, bambo, dzenje lenileni osakumba ngakhale limodzi."

"Ndinkafuna pabwino, mwanawe."

"Mwapapeza?"

Ndinayang'ana nsengwa m'khwapa mwanga. Wowotcha chimanga anati, "Ayankhe mkuluyu," ndipo amayi a tomato anamuuza kuti atseke pakamwa.

Dikirani anagwira mimba yake. "Uyu akubwera mwezi wamawa. Yake siingalowe m'nthaka pamene yanga ikadali kuyenda. Benchi iyi ndakhalapo miyezi isanu ndi itatu, sindinakhalepo malo amodzi nthawi yaitali chotere, ndipo mapazi ayambanso kundiyabwa. Muli ndi chinthu changa, bambo. Ndipatseni anthu akuona."

Ndinavundukula. Anthu anasuzumira, ndipo anakhumudwa pang'ono ndi kuchepa kwake. Dikirani anaitenga, anaiyeza m'dzanja ngati akugula, anainunkhiza.

"Ikununkha fodya."

"Ndi nkhani yaitali."

"Kumbani."

"Pati?"

"Pomwe mwaimapo."

Anasuntha thumba la nyemba, ndipo ndinagwetsa khasu pansi pa benchi yake. Kamodzi, kawiri, kachitatu. Kumbuyo kwanga munthu anakhosomola: mkulu wa msika, wa chipewa ndi mabuku a ziphaso m'manja.

"Pamenepo ayi! Mwapempha ndani? Nthaka ya msika ino, ine ndakhala woyang'anira pano zaka..."

Manja anga anaima okha. Dikirani sanatembenuke n'komwe.

"Pamenepo pomwe. Achimwene, ngati muli ndi chifuwa kagulitseni kwina, pano tikugwira ntchito. Bambo, kachinayi."

Ndinagwetsa kachinayi. Sindinkadziwa kuti pansi pa fumbi pamakhala dothi lofiira, lozizira chotero. Ndinakumba mpaka chigongono, mpaka phewa. Pamenepo akatswiri anadzuka. Amayi a usipa anati mchombo uyang'ane kumwamba. Amayi a tomato anati kwawo umayang'ana pansi. Mlaliki anati zonsezi n'zachikunja, komabe ngati tikuika ndiye uyang'ane kum'mawa. Dikirani anaikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Amene akudziwa kumene kuli mchombo pa chinthu ichi aloze."

Anaizungulira, anaitembenuza, mkulu wa msika naye anavala magalasi. Mchere, phulusa, utsi ndi khwapa langa zinali zitaisalaza mbali zonse. Palibe analoza.

Dikirani anagwada movutikira, anaiika pansi pa dzenje ndi dzanja lake, ndipo ine ndinakwirira. Anapondaponda pamwamba ndi chidendene, n'kubwezerapo thumba la nyemba.

"Mwaona nonse? Andipatsa. Wina asadzanene kuti bambo anga anathawa ndi chinthu changa."

"Taona," anatero amayi a tomato.

"Taona," anatero mkulu wa msika, ngakhale mawu ake anatuluka mokakamiza.

Anthu anabalalika, mlaliki anapitiriza pamene analekezera. Ine ndinaima pomwepo, mkono wakumanzere utapindika m'khwapa mopanda kanthu, osadziwa kuti munthu amapita kuti akamaliza. Ndinkamuyang'ana mwana wanga. Mphumi ndi ya Nachanza. Makutu, mwatsoka, ndi anga.

Anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa kampando pansi pa benchi n'kukapukuta fumbi. Anatunga madzi m'kapu, anagwada monga achitira mwini khomo pamaso pa mlendo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Takulandirani kwathu kuno, bambo. Khalani pansi. Mwayenda bwanji?"

Ndinakhala. Ndinamwa madziwo mpaka kutha.

"Ndayenda bwino," ndinatero, "kaya inu otsala."